Mantha a uchembere si ulesi

Tikamati mayi ali ndi pakati, akuluakulu amamasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Ndiye kuti tonse timavomereza kuti uchembere ndi ulendo woopsa. Koma mayi yemweyo akanena kuti akuopa, ndipo akupempha kuti madokotala amuchite opaleshoni m'malo modikira kuti matenda ayambe, timamunena kuti ndi waulesi kapena sanalangizidwe bwino. Pamenepa, abale anga, tikulakwa.

Nkhawa pang'ono aliyense woyembekezera amakhala nayo. Koma alipo mantha ena opitirira muyeso, amene achipatala amawatchula kuti tokophobia. Mayi sagona, amalota zoopsa, chakudya sichilowa, amalira payekha, ndipo wina amafika pozemba sikelo chifukwa safuna kumva za tsikulo. Amenewa ndi matenda a m'maganizo, ofunika thandizo ngati kuthamanga kwa magazi.

Manthawa ali ndi gwero lake. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 amamwalira pa zifukwa za uchembere. Anapezanso kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Ife aphunzitsi a kumudzi timawadziwa atsikana amenewa. M'kalasi timawaphunzitsa mmene mwana amakulira m'chiberekero, koma za mmene tsiku lochira limakhalira amazimva kumjigo, ndipo kumeneko nkhani zimene zimayenda kwambiri ndi zoopsa.

Ena mantha amawatenga pa uchembere woyamba: mwana anapitirira, magazi anataika ambiri, kapena anakalipiridwa ndi kusiyidwa okha usiku. Miyambo ina imathiranso nkhuni pamoto. Mtsikana amauzidwa kuti mkazi weniweni salira, ndipo m'madera ena matenda akatalika amamukakamiza kuulula amuna amene akuti anayenda nawo. Ndani sangaope zotere?

Komabe tisaganize kuti opaleshoni ndi njira yachidule. Imapulumutsa mayi ndi mwana pamene njira ili yochepa, mwana wagona mopingasa kapena wabanika. Koma ndi opaleshoni yaikulu: magazi akhoza kutaika, bala likhoza kulowa tizilombo, ndipo chipsera cha pachiberekero chikhoza kung'ambika pa uchembere wotsatira. N'chifukwa chake amene anachitidwapo opaleshoni amalangizidwa kukachirira kuchipatala chachikulu, osati chaching'ono cha kwathu kuno. Kwa mayi wokhala kutali, amene ambulansi imamupeza mochedwa nthawi ya dzinja, zimenezi si zazing'ono. Kafukufuku uja anapeza kuti ana 6 okha mwa 100 alionse m'Malawi amabadwa kudzera m'opaleshoni, ndipo m'chaka cha 2015 bungwe la WHO linatsindika kuti chofunika n'chakuti aliyense amene akufunikira opaleshoni aipeze.

Nanga mayi wamantha timuthandize bwanji? Ku Britain, malangizo a bungwe la NICE a m'chaka cha 2011 amati mayi wopempha opaleshoni chifukwa cha mantha ayambe wakumana ndi katswiri wa za m'maganizo a amayi oyembekezera. Akakambirana, ndipo mayiyo n'kuonabe kuti sangathe, apatsidwe opaleshoniyo. Zipatala zathu zilibe ogwira ntchito ndi zipangizo ngati za kumeneko, koma phunziro lake silifuna ndalama: poyamba mufunseni chimene akuopa. Kumuseka sikuchotsa mantha, ndipo kungomuchita opaleshoni osamumvetsera kumasiya bala la mumtima lili pomwepo.

WHO imati m'maiko osauka amayi pafupifupi 16 mwa 100 alionse amavutika m'maganizo ali oyembekezera, ndipo pafupifupi 20 mwa 100 akachira. Koma kusikelo timayezedwa thupi, magazi ndi mimba, pamene za mumtima sizifunsidwa kawirikawiri. Anamwino athu ndi ochepa ndipo mizere ndi yaitali, izi tikudziwa. Ngakhale zili choncho, funso limodzi loti “Mayi, mukugona bwanji masiku ano?” likhoza kutsegula zambiri. Kumuonetsa chipinda chochirira tsiku lisanafike, kumufotokozera zimene zidzachitike, ndi kumulola kukhala ndi munthu amene amamudalira pa nthawi ya matenda, monga WHO inalangizira mu 2018, zonsezi zimachepetsa mantha.

Kunyumba nako kuli ntchito. Abambo, perekezani akazi anu kusikelo ndipo mverani nawo uphungu. Anankungwi ndi apongozi, langizani zoona popanda kuopseza, ndipo amene wachira kudzera m'opaleshoni musamufunse ngati analephera. Wabereka ngati wina aliyense, ndipo akufunika womutungira madzi ndi kumusinjira mpaka bala litapola.

Ndipo inu mayi amene mukuwerenga muno mtima uli m'mwamba, musadikire tsiku lochira. Ulendo wotsatira wa kusikelo auzeni anamwino kuti mukuopa, ndipo muwauze chifukwa chake. Ngati mwayamba kuganiza zodzivulaza, pitani kuchipatala lero lomwe. Paja mwana akapanda kulira amafera mumbereko.