DUŴA LA ROZI NDI KUSUNGA CHINSINSI



Pofika pa 14 Febuluwale, m'masitolo a m'tauni mumadzaza maluŵa ofiira, ena enieni, ena apulasitiki. Mnyamata agula limodzi, napatsa mtsikana, ndipo aŵiriwo ayesa kuti amvana. Mukaŵafunsa tanthauzo la duŵalo, yankho lao ndi limodzi: chikondi. Yankho limeneli si lolakwa ai, koma ndi lopereŵera. Mwezi uno tiyeni tione tanthauzo lina la rozi limene ambiri analiiŵala.

Anthu akale a ku Greece ndi ku Rome ankati rozi ndi duŵa la mulungu wao wamkazi wa chikondi, amene Agiriki ankamutcha Aphrodite, koma Aroma Venus. Nthano yao ina imati Eros, mwana wa Aphrodite, anapereka rozi kwa Harpocrates, mulungu wa kukhala chete, kuti asaulule zinsinsi za amake. Imeneyi ndi nthano chabe, koma mwambo umene unamera pamenepo unakhala zaka mazana ambiri. Eni nyumba ankapachika rozi pamwamba pa gome lodyera, kapena kulijambula kudenga, kuti mlendo aliyense adziŵe kuti zokambidwa pagomepo zithere pomwepo. M'Chilatini amati sub rosa, ndiko kunena kuti pansi pa rozi. Pambuyo pake ku Ulaya ankasema duŵali kudenga la zipinda zochitira upo, ndiponso pa malo oululira machimo m'matchalitchi a Chikatolika. Tsono rozi linali lonjezo la munthu lakuti: zimene wandiuza ndazimva, ndipo sizidzatuluka pakamwa panga.

Ndiponso akale sankadzala rozi kuti azingoliyang'ana. Ku Iran, m'tauni ya Qamsar pafupi ndi Kashan, anthu amathyola maluŵaŵa m'mwezi wa Meyi, naŵaŵiritsa m'miphika yaikulu yamkuŵa. Nthunzi yake ikazizira imasanduka madzi onunkhira amene amathira m'zakudya ndi kusambira kumaso. Ku Britain, pa nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, malalanje anasoŵa chifukwa sitima zapamadzi zinali kumizidwa. Kuyambira 1941 ana asukulu ndi amai anatumidwa kukathyola tizipatso tofiira ta rozi lakutchire, ndipo anapanga nato madzi otsekemera okhala ndi vitamini C omwetsa makanda.

Koma ntchito imene yandiphunzitsa koposa ndi ya ku Bulgaria, m'chigwa cha Kazanlak, kumene amayenga mafuta a rozi. Othyola amalaŵirira m'mamaŵa, mame asanakamuke, pakuti dzuŵa likakwera fungo limauluka. Kuti apeze kilogalamu imodzi ya mafuta, pamafunika maluŵa olemera makilogalamu oposa 3,000. Akatha kuyenga amatsekera mafutawo zolimba, chifukwa akasiyidwa poyera, thukuta la anthu ambiri limangothera mumphepo.

Kukhulupirirana kuli chimodzimodzi. Kumasonkhanitsidwa pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, koma kumatha tsiku limodzi pakamwa pakatseguka.

Achinyamata, ndilankhule ndi inu poyamba. Kugula duŵa n'kwapafupi; aliyense wokhala ndi ndalama m'thumba angathe. Chovuta ndicho kusunga zimene mnzako wakuuza. Alipo anyamata amene madzulo apereka duŵa, m'maŵa mwake aŵerengera anzao makalata a mtsikanayo, kapena kufalitsa zithunzi zake pa foni. Mtsikana uja ayenda choŵerama m'mudzi, ndipo ena mpaka amasiya sukulu. Alipo atsikananso amene achita zomwezo. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Musanalandire duŵa, yambani mwaona mmene munthuyo amakambira za anzake iwo palibe, pakuti ndi mmene adzakambira za inu.

Makolo anzanga, nafenso nkhaniyi itikhudza. Mwana abwera mwamanyazi kudzatiuza vuto lake, ife tikalifotokoza kuchigayo kapena pachitsime ngati nkhani yoseketsa. Mwanayo akamva mau ake m'kamwa mwa anthu ena, sabweranso. Pambuyo pake tidabwa kuti ana a masiku ano ndi obisa, chikhalirecho tinaŵaphunzitsa ndife. Momwemonso m'banja: zimene mwamuna ndi mkazi akambirana kuchipinda si za pabwalo. Zikaŵakulira, njira yake ilipo, ndiyo ya kwa ankhoswe.

Koma pano ndichenjeze, kuti wina angandimve molakwa. Chilipo chinsinsi chimene sichiyenera kusungidwa. Munthu wamkulu akachita zoipa kwa mwana, namuopseza kuti asauze munthu, chimenecho si chinsinsi cha chikondi, ndi msampha. Mwana iwe, ulula msanga kwa amako, kwa aphunzitsi ako, kapena kwa wamkulu amene umkhulupirira. Ndipo ife akulu tikamva zotere tisakwirire poopa manyazi a pamtundu. Timasunga chinsinsi kuti titchinjirize munthu, osati kuti titchinjirize choipa.

Chifukwa chake, amene mufuna kupereka rozi, perekani ndithu. Koma muyambe mwadzifunsa ngati mnzanuyo angakuuzeni za kumtima kwake, nagona tulo osaopa kuti maŵa adzazimva kumsika.

Tidzachezanso mwezi wamaŵa.