Mayina a pa intaneti otsika mtengo: chikomekome cha mkuyu

Masiku ano sukulu, zipatala, mabungwe a chitukuko ngakhalenso makampani ang'onoang'ono akufuna kukhala ndi tsamba lawo pa intaneti ndiponso imelo yodziwika ndi dzina lawo. Chinthu choyamba chofunika pa ntchitoyi ndi dzina limene anthu amalemba pa kompyuta kapena pa foni pofuna kutipeza, lija akatswiri amati domain. Makampani olembetsa mayinawa ndi ochuluka, ndipo ena amalengeza kuti dzina lothera ndi .com likupezeka pa dola imodzi yokha. Kwa bungwe limene thumba lake ndi loperewera, mtengo wotere ndi wokopa ndithu. Koma makolo athu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho ndi bwino kuti nkhaniyi tiisinkhesinkhe modekha.

Poyamba tizindikire kuti dzinali sitiligula kuti likhale lathu mpaka kalekale. Timangolipira lendi ya chaka chimodzi kapena zingapo, osapyola zaka 10 pa nthawi imodzi. Bungwe la ICANN, limene lidakhazikitsidwa mu 1998 ndipo likulu lake lili ku Los Angeles, ndilo limapereka chilolezo kwa makampani olembetsa mayina, pomwe kaundula wa mayina onse a .com ali m'manja mwa kampani ya Verisign. Kuyambira mu 2012 mpaka mu 2021, Verisign inkalipiritsa makampaniwo $7.85 pa dzina lililonse pachaka, ndipo mu Seputembala 2024 mtengowu udafika pa $10.26. Apa zikuonekeratu kuti wogulitsa dzina pa dola imodzi akuluza, ndipo wamalonda saluza dala popanda kudziwa kumene adzabwezere ndalama zake. Amadzazibweza chaka chachiwiri, pamene mtengo wokonzanso lendi umakwera kangapo, kapenanso potikakamiza zinthu zoonjezera zimene sitidapemphe.

Kwa ife a ku Malawi vutoli limakula chifukwa malipirowa ndi a m'madola. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Bungwe limene lidakonza bajeti potengera mtengo wa chaka choyamba limapezeka lagwidwa kawiri: mtengo wakwera kwa wogulitsa, kwacha nayo yachepa mphamvu. Pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa, khadi la ku banki likhoza kukanidwa pa tsiku lenileni lolipira.

Chiopsezo chachiwiri chagona pa umwini. Ambiri amene amatigulitsa mayina ndi adobadoba chabe, amene amaoda kwa makampani akuluakulu. Zimenezi pazokha si mlandu. Vuto limabwera pamene dobadoba, kapena mnyamata amene watikonzera tsamba, walembetsa dzinalo m'dzina lake ndi imelo yake. M'kaundula, mwini wake ndi iyeyo, ngakhale ndalama zidachoka m'thumba mwathu. Akasamuka, akamwalira kapena tikasemphana naye maganizo, timatsala ngati munthu amene wamanga nyumba ya njerwa pa malo amene zikalata zake zili ndi wina.

Chachitatu, kampani yolembetsa mayina nayo imatha kugwa. Mu Marichi 2007 bungwe la ICANN lidalanda chilolezo kampani ya ku America ya RegisterFly, imene idakopa anthu ambiri ndi mitengo yotsika. Eni ake adayambana, ndipo makasitomala ankadandaula kuti mayina amene adawalipira sanakonzedwenso, pomwe kuwasamutsira kwina kunkakanika. Mu Meyi chaka chomwecho mayina pafupifupi 850,000 adaperekedwa ku kampani ya GoDaddy. Kuchokera pa phunziro limeneli, makampani ovomerezeka adalamulidwa kuti azisungitsa mbiri ya makasitomala awo kwa mkhalapakati. Komabe lamuloli silidathetse kugwa kwa makampani: mu 2021 kampani ya Net 4 India idalandidwanso chilolezo itamira m'ngongole, makasitomala ake atavutika kwa miyezi yambiri.

Nanga za ulere? Kwa zaka zambiri kampani ya Freenom ya ku Netherlands inkagawa mwaulere mayina othera ndi .tk, .ml, .ga, .cf ndi .gq, amene ndi a Tokelau, Mali, Gabon, Central African Republic ndi Equatorial Guinea. Wolandira dzina laulere ankangobwerekedwa, umwini unkatsala ndi kampani. Mbava za pa intaneti zidakhamukira ku mayina amenewa, mpaka kampani ya Meta, mwini wa Facebook, idasumira Freenom ku khothi. Mu 2023 kulembetsa mayina atsopano kudaimitsidwa, maiko a Gabon ndi Mali adatenganso mayina awo, ndipo kumayambiriro kwa 2024 mamiliyoni a mayina aulerewo adazimirira. Anthu achilungamo amene adadalira mphatsoyo adapsera limodzi ndi akuba.

Tiyeneranso kudziwa chimene chimachitika lendi ikatha. Malamulo a ICANN amafuna kuti kampani itikumbutse kutatsala pafupifupi mwezi umodzi, ndiponso kutatsala sabata imodzi, koma uthengawo umapita ku imelo imene ili m'kaundula. Tsiku likapyola, tsamba ndi imelo zimasiya kugwira ntchito. Kampani ikhoza kusunga dzinalo mpaka masiku 45. Ikalifufuta pamakhala masiku ena 30 oliombola pa mtengo wokwera kwambiri, kenaka patatha masiku 5 aliyense akhoza kulitenga. Makampani ena amaligulitsa pa okushoni nthawi yonseyi isanathe. Amene walitenga akhoza kuyamba kulandira makalata opita ku bungwe lathu, ngakhale kulembera abwenzi otithandiza ngati kuti ndife, n'kumapempha ndalama. Kuiwala kotere sikuona nkhope: mu Disembala 1999 kampani ya Microsoft idaiwala kulipira dzina la passport.com, anthu adalephera kutsegula Hotmail, mpaka munthu wina wapadera adalipira $35 m'malo mwake.

Tsono tingasankhe bwanji? Safunsa adadya phula. Tisanalipire, tifunse mtengo wa chaka chachiwiri ndi mtengo woombolera dzina, osati wa chaka choyamba wokha. Tione ngati kampaniyo ili pa mndandanda wa makampani ovomerezeka umene ICANN imaika pa tsamba lake. Ngati ndi dobadoba, atiuze kampani imene amaodako. Tionetsetse kuti m'kaundula mwalembedwa dzina la bungwe, ndipo imelo yolandirira zikumbutso ikhale yoti anthu awiri kapena atatu audindo angathe kuiona, komanso isakhale yodalira dzina lomwelo, poti likazima nayonso idzazima. Tifunse za nambala yachinsinsi yosamutsira dzina ku kampani ina, imene malamulo amati iperekedwe pasanathe masiku 5 mwini wake akaipempha. Ndalama zikapezeka, ndi chanzeru kulipiriratu zaka zingapo. Tisaiwalenso dzina la dziko lathu, .mw, limene kwa zaka zambiri lakhala likuyang'aniridwa ndi Malawi SDNP ku Blantyre. Mayina a maiko amayendera malamulo awoawo, choncho tiwawerenge tisanasankhe.

Sitikunena kuti chilichonse chotsika mtengo ndi chinyengo, pakuti alipo makampani okhulupirika amene phindu lawo ndi lochepa ndipo mitengo yawo imaonekera poyera. Chimene tikutsindika n'chakuti ndalama imene tingapulumutse chaka choyamba ndi yochepa poyerekeza ndi zimene tingataye: zikwangwani, zidindo ndi mapepala osindikizidwa kale, makalata a zaka zambiri, ndiponso chikhulupiriro cha anthu amene timawatumikira. Mkulu aliyense wa bungwe atenge nthawi sabata ino, afufuze kuti dzina lawo la pa intaneti lidalembetsedwa m'dzina la yani, ndipo lendi yake itha liti.