Lamulo Lokha Silimata Denga Lodontha

Aliyense woyenda m'kati mwa mzinda wa Blantyre akuona kuti nyumba zosanja zikuchulukirachulukira, pamene nyumba zakale zikuchepa ulemu. Ife sitikana chitukuko. Koma tifuna kukumbutsa akuluakulu a Boma ndi aphunzitsi kuti mzindawu uli ndi chuma chimene chikagwa sichingamangidwenso.

Nyumba ya Mandala, imene kampani ya African Lakes idamanga m'chaka cha 1882, ikali chilili. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, munthu amene sadaphunzire za umisiri womanga. Pa msewu wa Victoria Avenue palinso holo yakale ya mzinda ya m'chaka cha 1903.

Alipo ena amene amati izi ndi nyumba za atsamunda, choncho zilibe phindu kwa ife. Tiwafunse anthu otere: kodi adaponda dothi, kuumba njerwa ndi kuziwotcha ndani? Adali makolo athu. Luso lawo lili m'zipupa zimenezo, ndipo kuzilekerera ndi kufafaniza dzina lawo.

Nzoona kuti lamulo loteteza zinthu zakale la m'chaka cha 1990 limaletsa kugumula kapena kusintha nyumba zotetezedwa popanda chilolezo. Komatu mdani wamkulu wa nyumba yakale ndi mvula yolowera padenga ndiponso chiswe, ndipo adani amenewa sawerenga lamulo.

Anzathu a ku Zanzibar adaliona phunziro limeneli. Dera lawo lakale la Stone Town lidalowa m'kaundula wa UNESCO m'chaka cha 2000. Ngakhale zidali choncho, pa 25 Disembala 2020 mbali ina ya nyumba yotchuka ya Beit-al-Ajaib, yomangidwa mu 1883, idagwa ili m'kati mokonzedwa ndipo anthu awiri adafa. Kukonzako kudafika nyumba itafooka kale.

Nchifukwa chake tikupempha kuti eni nyumbazi pamodzi ndi Khonsolo ya Mzinda aziika padera ndalama chaka ndi chaka zoyendera madenga, ngalande ndi mitanda mvula isanayambe. Aphunzitsi nawonso aziperekeza ana asukulu kukaziona ndi maso, pakuti mwana amene wakhudza njerwa ya 1891 sadzalola kuti igumulidwe iye atakhala pa udindo.

Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tigwirane manja madenga akali pamwamba.