Ulemu wa munthu suyezedwa pa sikelo

M'midzi ndi m'matauni mwathu muno, anthu amaweruza mnzawo pongoona thupi lake. Munthu akanenepa amati zinthu zikumuyendera. Akawonda amayamba kunong'onezana kuti, "Kodi ameneyu si matenda omwe aja?" Ife alangizi a zaumoyo amene timayenda khomo ndi khomo taona kuti manong'onong'o amenewa akuwononga umoyo wa anthu ambiri, makamaka anzathu amene ali ndi kachirombo ka HIV. Maganizo athu ndi akuti ulemu wa munthu udachokera kwa Mlengi, ndipo munthu akazindikira zimenezi amasamalira thupi lake posaopa zonena za anthu.

Mantha a kuwonda ali ndi chiyambi chake. Matenda a Edzi adapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, ambiri mwa ife tisanabadwe. Makolo athu amatiuza kuti nthawi imeneyo kunalibe mankhwala, ndipo odwala ankatha thupi mpaka anthu adatcha matendawa kuti kaliwondewonde. Boma lidayamba kugawa mankhwala a ma ARV mwaulere mu 2004, ndipo anthu amene anali gone adadzuka. Komabe mankhwala oyambawo, amene ankatchedwa Triomune, anali ndi stavudine, yemwe kwa ena ankasokoneza mafuta a m'thupi. Masaya ankalowa, manja, miyendo ndi matako zinkaphwa. Anthu ankalozana zala pamsika, ndipo ena adasiya mankhwala chifukwa cha manyazi. Pofika mu 2013 dziko lino lidasamutsira anthu ku mankhwala ena.

Mu 2019 zipatala zathu zidayamba kupereka ma ARV okhala ndi dolutegravir. Mankhwalawa ndi amphamvu ndipo amachepetsa kachirombo m'magazi mofulumira. Kafukufuku amene adachitika ku South Africa ndi ku Cameroon adaonetsa kuti ena mwa omwa mankhwalawa, makamaka amayi, amanenepa. Apa ndiye pabadwa vuto latsopano. Pali anzathu amene akanenepa amati tsopano apuma ku miseche, ndipo a chipatala akawalangiza kuti achepetseko thupi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kapena matenda a shuga, amakana. Amati, "Ndikawonda anthu ayambanso kundinena." Palinso ena, makamaka atsikana ndi anyamata, amene amadana ndi mimba yawo yakula ndipo amayamba kudumphitsa mankhwala. Enanso oonda amagula mapiritsi onenepetsa pamsika popanda kufunsa dokotala. Onsewa akuyika moyo wawo pachiswe pofuna kusangalatsa maso a anthu ena.

Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kunenepa sikusonyeza kuti munthu alibe kachirombo, ndipo kuwonda sikusonyeza kuti ali nako. Chimene chimatiuza zoona ndi kuyezetsa magazi basi. Kwa amene ali pa ma ARV, chimene chimasonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito ndi zotsatira za kuyeza kuchuluka kwa kachirombo m'magazi. Munthu amene kachirombo kake sikakuonekanso poyeza sapatsira wokondedwa wake pogonana, kaya ndi wonenepa kaya ndi woonda.

Nanga chikhulupiriro chathu chimati chiyani? Akhristu amaphunzira kuti munthu adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, ndipo palibe pamene padalembedwa kuti chifanizirocho chimayenera kulemera makilogalamu angati. Kumbukirani nkhani ya mneneri Samueli atatumidwa kunyumba kwa Jese kukadzoza mfumu. Iye adakopeka ndi msinkhu wa Eliabu, mwana wamkulu, koma Mulungu adasankha Davide, wamng'ono amene anali kubusa, chifukwa adaona mtima wake. Abale athu Achisilamu nawonso amaphunzira kuti thupi ndi chinthu chimene Mulungu adatisungitsa, ndipo tidzafunsidwa mmene tidalisungira. Zipembedzo zonsezi zikugwirizana kuti thupi ndi mphatso. Kachirombo kakalowa m'thupi, mphatsoyo sikhala yachabechabe. Masaya akalowa kapena mimba ikakula, mwini thupi amakhalabe mwana wa Mulungu.

Ena amatifunsa kuti, "Ngati Mulungu amaona mtima, bwanji mukutivutitsa ndi masewera olimbitsa thupi? Thupi ndi dothi, chofunika ndi mzimu." Yankho lathu ndi lakuti mnzanu akakusungitsani njinga, simuisiya pamvula kuti ichite dzimbiri. Mumaipukuta ndi kuithira mafuta chifukwa mumalemekeza mwini wake. Mtumwi Paulo adaphunzitsa mpingo wa ku Korinto kuti thupi ndi nyumba ya Mzimu Woyera, ndipo nyumba yokhalamo mlendo wolemekezeka imasesedwa. Kusiyana kuli pa cholinga. Wina amathamanga chifukwa amanyansidwa ndi thupi lake, ndipo akaona kuti sikelo sikusuntha amataya mtima n'kusiya. Wina amayenda ndawala m'mawa uliwonse pothokoza kuti ali moyo. Wachiwiriyu ndi amene amapitiriza, ngakhale maonekedwe ake asasinthe kwambiri.

Phindu lake ndi lodziwika. Kulimbitsa thupi kumathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi, kumachepetsa chiopsezo cha shuga ndi matenda a mtima, kumalimbitsa mafupa ndi minofu, kumabweretsa tulo tabwino ndiponso kumachepetsa nkhawa. Izi n'zofunika kwambiri kwa anthu amene ali ndi HIV, popeza tsopano akukhala ndi moyo mpaka kukalamba, ndipo matenda a mtima amawagwira kawirikawiri kuposa anthu ena. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, lidati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso azichita zolimbitsa minofu masiku awiri pa sabata. Mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu zimakwanitsa mlingo woyambawo.

Simukufunika ndalama kapena nsapato zodula. Kulima, kutunga madzi, kupalasa njinga, kusewera mpira wamanja, kuvina chimtali kapena kuvina m'kwaya, zonsezi zimawerengedwa. Amene tikuwadera nkhawa ndi anzathu amene amakhala pabenchi ya malonda kapena mu ofesi tsiku lonse, n'kukwera kabaza ngakhale paulendo waufupi. Yambani pang'onopang'ono. Yendani mofulumira moti mukhoza kulankhula koma simungathe kuimba. Ngati muli ndi vuto la mtima, ngati muli oyembekezera kapena mwangodzuka kumene pa matenda, yambani mwafunsa a chipatala.

Tichenjezepo pano. Sitikunena kuti kuwonda kulikonse n'kwabwino. Munthu akamawonda popanda chifukwa chodziwika, akamatsokomola, akamatentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, apite kuchipatala msanga akayezedwe chifuwa chachikulu cha TB. Amene wawonda chifukwa cha njala ya mu Januwale ndi Febuluwale akufunika chakudya, ndipo apa mpingo ndi mudzi zili ndi udindo. Ngati mukuona kuti mankhwala akusintha thupi lanu, musasiye kumwa. Kafotokozeni kuchipatala kumene mumalandirira mankhwala kuti akuyezeni magazi ndi shuga ndi kukulangizani.

Kwa abusa, mashehe, amayi a chigwirizano ndi atsogoleri a magulu a achinyamata, tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, phunzitsani anthu anu kuleka kulonjerana ndi mawu akuti "mwathatu" kapena "mwanenepatu". Mawuwa amaoneka ngati nthabwala, koma wowamva amakagona nawo. Chachiwiri, musauze munthu kuti asiye ma ARV chifukwa mwamupempherera, ndipo amene akufuna kusala kudya akambirane ndi a chipatala za nthawi yomwera mankhwala. Chachitatu, tsegulani mabwalo a matchalitchi ndi mizikiti kuti anthu azisewerapo mpira ndi kuyenda limodzi, osasankha kuti uyu ali ndi kachirombo, uyu alibe.

Kwa inu anzathu a m'magulu othandizana, pamsonkhano wanu wotsatira patulani mphindi 30 zoti muyende kapena kuvina pamodzi musanayambe zokambirana. Mwezi ukatha, funsanani za tulo, za mphamvu zogwirira ntchito ndi za mtendere wa mumtima. Za makilogalamu musiyireni mlangizi wa zaumoyo, amene amalemba m'buku lanu la kuchipatala kuti akuthandizeni.