ZA PA GOMBE: Godzilla si nthano ya ana okha

Dzuwa likalowa ku Metangula ndi ku Cobué, achinyamata ambiri amalunjika kunyumba zoonetsera vidiyo. Kale kunali makaseti, lero ndi ma DVD ndi timakadi ta m'foni. Pakaoneka chilombo chonga ng'azi chikuvuuka m'nyanja ndi kuponda nyumba, ana amakuwa ndi chimwemwe, pamene akuluakulu amangoti ndi zachibwana. Komatu filimu yoyamba ya Godzilla ndi nkhani ya asodzi.

Pa 1 Malichi 1954 dziko la America linaphulitsa bomba la nyukiliya moyeserera pa zilumba za Bikini, m'nyanja ya Pacific. Boti la ku Japan lotchedwa Daigo Fukuryu Maru linali kupha nsomba chapatali ndithu. Phulusa loyera linawagwera asodzi 23 amene anali m'botimo, ndipo onse anadwala. Mmodzi wa iwo, a Aikichi Kuboyama, anamwalira mu Sepitembala chaka chomwecho. Nsomba zambiri zinatayidwa poopa poizoni, ndipo malonda a nsomba analowa pansi.

Mu Novembala 1954 kampani ya Toho inatulutsa filimu ya Gojira, imene anaitsogolera ndi a Ishiro Honda. Imayamba ndi zombo zomira mosadziwika bwino. Asodzi a pa chilumba cha Odo akubwerera kumtunda chimanjamanja, ndipo nkhalamba ina ikutchula chilombo cha makolo, monga momwe agogo a tsidya lija amakambira za Napolo. Kenaka zikudziwika kuti chadzutsa chilombocho ndi mabomba a anthu. Mafilimu sankapangidwa ndi kompyuta nthawi imeneyo: a Haruo Nakajima ndiwo ankavala chikopa cholemera cha chilombocho, n'kumaponda tinyumba tochita kupanga.

Apa ndi pofunika kuti eni mavidiyo amvetse. Filimuyi ilipo mitundu iwiri. Mu 1956 amalonda a ku America anadulamo zigawo zambiri, kuphatikizapo zina zokamba za bomba, nalowetsamo mzungu, a Raymond Burr, ngati mtolankhani. Yachijapani ndi ya mphindi 96, pamene yodulidwayi ndi ya mphindi 80. Kwa zaka zambiri makaseti a ku America ankakhala a yodulidwayi. Yathunthu inatuluka pa DVD kumeneko mu 2006, ndipo mu 2019 kampani ya Criterion inasonkhanitsa mafilimu 15 a Godzilla, a 1954 mpaka 1975, m'phukusi limodzi.

Kuzisiyanitsa n'kosavuta. Mzungu wosuta kaliwo akamaoneka kawirikawiri, imeneyo ndi yodulidwa. Wokagula mafilimu ku Lichinga kapena kutsidya afunse yachijapani, ndipo wodziwa kuwerenga mawu a m'munsi azimasulirako anzake.

Zoona, kuno kulibe bomba. Koma nyanja iyi ndi mbale imodzi yodyeramo anthu a Mozambique, Malawi ndi Tanzania, ndipo choipa chikalowa m'madzi sichionetsa chiphaso pamalire. Woyamba kulira amakhala msodzi ndi mayi woyanika usipa pathandala. Mbali ya Mozambique ya nyanjayi inaikidwa kukhala malo otetezedwa mu 2011, koma pepala la boma palokha silingalondere madzi.

Tsono bambo amene amatukwana mwana chifukwa cha vidiyo, tsiku lina apite naye akaonere limodzi, pobwerera amufotokozere za asodzi 23 aja. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.