Alimi amene anakana kuzula mphesa za makolo

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, alimi ambiri a m'mapiri a Irpinia, kum'mawa kwa mzinda wa Napoli ku Italy, anayamba kuzula mipesa ya makolo awo n'kubzala mitundu ina yobereka kwambiri. Minda inali itasakazika ndi nkhondo komanso kachilombo ka phylloxera kamene kamadya mizu, ndipo m'nyumba munali usiwa. Ndani akanawadzudzula? Koma Antonio Mastroberardino wa ku Atripalda anakana. Anakakamira Aglianico, mphesa yakuda yochedwa kupsa, imene zaka zina imathyoledwa mpaka mu November.

Khama lakelo silinapite pachabe. Mu 1993 vinyo wa Taurasi, wochokera ku Aglianico yomweyo, analowa m'gulu la DOCG, lomwe ndi lapamwamba kwambiri m'malamulo a vinyo ku Italy. Mu 1996 oyang'anira mabwinja a Pompeii anapatsa banja lomweli ntchito yobzalanso mipesa mkati mwa mzinda umene unakwiriridwa ndi phulusa la phiri la Vesuvio m'chaka cha 79.

Ngakhale inu amene simulawa chakumwa chaukali, nkhaniyi musaidumphe, chifukwa mutu wake ndi mbewu ndi eni ake.

Taonani za ku Montalcino, m'chigawo cha Toscana. Kumeneko banja la Biondi-Santi, pa esiteti yawo ya Greppo, ndi limene linatchukitsa vinyo wa Brunello, ndipo mabotolo ena a 1888 adakasungidwabe. Lamulo lake ndi lachidule: Brunello apangidwe ndi mphesa ya Sangiovese yokha, osathiramo ina. Mu 2008 apolisi anayamba kufufuza opanga ena powaganizira kuti ankasakanizamo mitundu yachilendo kuti vinyo aoneke wakuda bii ndi kukoma msanga pakamwa pa ogula akunja. Dziko la America linaopseza kuti litseka msika wake. Panamveka mawu akuti lamulolo lingofewetsedwa, koma alimi atavota chaka chomwecho, ochuluka zedi anati likhale momwemo. Aliyense amene anagulapo mpunga pamsika atauzidwa kuti ndi Kilombero weniweni, kukaphika kunyumba n'kupeza fungo lake palibe, akudziwa chimene alimiwo ankateteza.

Sindikunena kuti mbewu yachilendo ndi tchimo. Ku Bolgheri, Mario Incisa della Rocchetta anabzala mphesa ya Cabernet ya ku France pa esiteti ya Tenuta San Guido, ndipo vinyo wake wa Sassicaia, amene anayamba kugulitsidwa ndi zokolola za 1968, ndi wosiririka padziko lonse. Banja la Antinori, limene lakhala pa ntchitoyi kuyambira 1385, limathira Cabernet pang'ono mu vinyo wawo wa Tignanello. Koma Cabernet imachita bwino ku Stellenbosch, ku Chile ndi ku California komwe. Mlimi amene wangodalira iyo akupikisana ndi dziko lonse.

Mphesa ya Nebbiolo ya ku Piemonte ndi ina. Imaphuka msanga, imapsa mochedwa, imasankha mbali ya phiri yowomba dzuwa, ndipo ikapita kutali ndi kwawo nthawi zambiri imanyanyala. Vinyo wa Barolo, wopangidwa ndi mphesa imeneyi, amachokera m'midzi 11 yokha, ndipo saloledwa kugulitsidwa asanakhale miyezi 38, pamene 18 mwa iyo amakhala m'migolo yamatabwa. Ganizirani mlimi wokolola chaka chino n'kudikira zaka zoposa zitatu asanagwire khobidi. Mabanja monga la Giacomo Conterno ndi la Bartolo Mascarello anapirira zimenezo, anakananso kusiya migolo ikuluikulu ya makolo pamene anzawo ankathamangira timigolo tatsopano ta ku France.

Tsono mukadzaona botolo la ku Italy m'sitolo, musangoyang'ana mtengo. Werengani dzina la mudzi, mufunse mtundu wa mphesa, ndipo ngati muli ndi ndalama yogulira, sankhani la mlimi amene anasunga mbewu ya kwawo.