Kodi Nkulakwa Kufunsa Amene Analemba Mabuku a Mose?

Pali anthu ena amene amaopseza munthu wongophunzira kumene kuwerenga. Amati mabuku asanu oyamba a Ayuda, ndiwo Genesis, Eksodo, Levitiko, Numeri ndi Deuteronomo, analemba ndi Mose yekha, ndipo wofunsa za ici ndi mdani wa Mulungu. Anthu otere alikulakwa, ndipo kulakwa kwao kumabweza m'mbuyo anzao amene anabvutika kuti adziwe malemba. Munthu amaphunzira kuwerenga kuti aone yekha zimene kale ankangomva kwa ena. Womletsa kufunsa afanana ndi munthu wopatsa mnzace khasu namkaniza kulima.

Mafunso awa amacokera m'mabuku momwemo. Deuteronomo mutu 34 umasimba za imfa ya Mose ndi maliro ace. Kodi alipo munthu wolemba za maliro a iye mwini? Aphunzitsi akale a Ciyuda anaciona ici, ndipo m'buku lao la Talmud ena ananena kuti mavesi 8 otsiriza analemba ndi Yoswa. Genesis mutu 14 umati Abramu anapitikitsa adani kufikira ku Dani, koma Oweruza mutu 18 umanena kuti mudziwo dzina lace linali Laisi mpaka fuko la Dani linaulanda, Mose atafa kale. Genesis mutu 36 umawerenga mafumu a Edomu amene analamulira Aisrayeli asanakhale ndi mfumu. Wolemba mau otere anali kuwadziwa mafumu a Aisrayeli, ndipo Sauli, mfumu yao yoyamba, anadza zaka zambiri pambuyo pa Mose.

M'caka ca 1753 sing'anga wa ku France, Jean Astruc, anaonetsa kuti zigawo zina za Genesis zimachula Mulungu ndi dzina la Elohim, zina ndi dzina la Yehova. Iye anafuna kucinjiriza Mose, nanena kuti Mose analumikiza zolemba zakale zimene anazipeza. M'caka ca 1878 Julius Wellhausen wa ku Germany anaphunzitsa kuti mabuku asanuwa ali ngati mtsinje wodzazidwa ndi timitsinje tinai, ndipo kali konse kanayamba pa nthawi yaceyace.

Funso lotere linabukanso m'Afrika muno. Ku Natal, Bishopu John Colenso anali kumasulira malemba m'Cizulu pamodzi ndi Mzulu wina, William Ngidi. Atafika pa nkhani ya cigumula, Ngidi anafunsa ngati bishopuyo anakhulupiradi kuti nyama zonse zinalowa m'cingalawa ca Nowa. Colenso anaopa kumyankha bodza. Anafufuza, ndipo m'caka ca 1862 anaturutsa buku lonena zimene anapeza. M'caka ca 1863 bishopu wa ku Cape Town anamcotsa pa udindo, koma m'caka ca 1865 bwalo la ku London linafafaniza ciweruzoco. Ku Scotland nako, Free Church, mpingo umene unayamba misyoni ya Livingstonia m'caka ca 1875, unacotsa William Robertson Smith pa nchito ya uphunzitsi ku Aberdeen m'caka ca 1881 cifukwa ca maphunziro omwewa. Zilango zonsezi sizinacotse vesi ngakhale limodzi. Kufikira lero Genesis mutu 6 umati nyama zilowe ziwiriziwiri, pamene mutu 7 umati nyama zodyedwa zilowe 7 pa mtundu uli wonse, zazimuna ndi zazikazi.

Oletsa aja amayankha kuti akatswiri eni ace samvana, cotero nkwabwino kusawamvera. Zoonadi samvana pa zonse. Kuyambira ca m'ma 1970 ambiri atsutsa kawerengedwe ka Wellhausen. Koma mkangano wao uli pa kucuruka kwa olemba ndi pa zaka zimene analemba. Pa mfundo yaikuru pafupifupi onse abvomerezana: mabukuwa anapita m'manja mwa anthu ambiri, ndipo anatsirizika pambuyo pa ukapolo wa ku Babulo, umene unatsata kugwa kwa Yerusalemu ca m'ma 586 Kristu asanabadwe. Akulu akakangana za malire a munda, palibe amati munda kulibe.

Kufufuza kwabweretsanso umboni umene oletsawo sakadaupeza okha. M'caka ca 1947 abusa anapeza mipukutu yakale m'phanga la ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, ndipo pofika 1956 mapanga otere anakwana 11. Mpukutu wa Yesaya wa kumeneko unaposa ndi zaka ngati 1,000 mabuku athunthu a Cihebri amene analipo, koma mau ace ambiri anafanana nao. Ici cionetsa kusamala kwa alembi. Komweko kunapezekanso zidutswa za Yeremiya wamfupi, wosiyana ndi amene ali m'Baibulo la masiku ano. Ici cionetsa kuti mabuku ena anakula pang'onopang'ono.

Alipo enanso onyoza, amene amati popeza olemba anali ambiri, zonse nzabodza. Awanso asokera. Mbiri ya pfuko amasunga ndi agogo ambiri, wina kuonjeza pamene mnzace analekeza, ndipo palibe amaitaya cifukwa ca ico. Mutu umodzi susenza denga. Ayuda eni ace amawerengabe mabukuwa m'masunagoge tsiku la Sabata liri lonse, ndipo mwa akatswiri ofufuza ciyambi cace muli Ayuda ambiri.

Cotero wophunzira watsopano asacite mantha. Atsegule mitu imene yachulidwa muno, awerenge yekha mosafulumira, nafunse kwa odziwa. Mphunzitsi amene sadziwa yankho anene poyera kuti sadziwa, asabise umbuli wace poopseza wofunsayo. Makolo anati safunsa anadya phula.